Mwala wa Saulos

Amalawi amene tidakhala ku Birmingham zaka zimenezo tinkamudziwa ndi dzina lakuti amake Mwayi. Dzina lake la ubatizo lidali Helen, chiwongo chake Nachisale, kwawo ku Dedza, m'tsinde mwa phiri kumene kachewere amachita bwino. Adali mkazi wamfupi, wojintcha, wa manja okhakhala ngati khungwa chifukwa cha sopo ndi nthunzi, pakuti ankachapa ndi kusita pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Northfield. Kumudzi adaphunzira zauphunzitsi, koma kuno pepala lakelo adangoliyang'ana n'kumubwezera. Sankadandaula. Ankati nsalu za pabedi sizisokosa ngati ana a sitandade wani.

Amuna ake adali a Levison Mangulenje a ku Ntcheu, amene adabwera kudzaphunzira za mainjini, atamaliza n'kulowa ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Longbridge. Adali munthu wophunzira, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezo. Za ufiti ankaseka, za mphini ankaseka, za mkazi wosathira mchere m'ndiwo ankaseka mpaka kutsokomola. "Zimenezo tidasiya pa Chileka," ankatero. Koma padali mwambo umodzi umene sadausiye pa Chileka. Adabwera nawo, naukhazika m'nyumba mwawo, ndipo wousenza adali Helen.

Helen adawatsatira amuna akewo mu 1980, ndipo chisanu chake choyamba kuno chidamupeza ali ndi pakati. Mwanayo adabadwa osalira. Helen adangoona kachidendene kokha, namwino akumukulunga m'kansalu kobiriwira, chitseko n'kutsekeka. Adamuuza mwaulemu kuti n'kwabwino asamuone, kuti achipatala akonza zonse, kuti akadali mtsikana adzabereka wina. Kenaka adamupatsa tiyi. Mawu okhawo amene adatola ndi akuti adali wamwamuna.

A Levison atafika adakhala m'mphepete mwa bedi, akupotokola chipewa ndi manja onse awiri. Helen atayamba kusisima, iwo adamugwira pakamwa.

"Ndi nthayo imeneyi, mkazi wanga. Nthayo salira, mukudziwa nokha. Mukalira mutseka njira ya anzake."

Ankadziwadi. Kwawo mwana wobadwa wakufa amatengedwa ndi ntchembere zokhazokha, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda mwamuna woyandikira. Zimakamuika m'kadzenje kosaya m'mbali mwa manda, ndipo dzina sapatsidwa. Koma kwawoko ntchemberezo zimabwerera n'kukhala nawe pamphasa, ndipo pakapita miyezi imodzi mwa izo imakunong'oneza kuti ali pansi pa mpoza uja. Kuno kudalibe ntchembere. Kudali tiyi. Helen adameza misozi yake monga munthu amamezera mbatata yotentha pamaso pa apongozi.

Patapita nthawi, mzimayi wina wa kuntchito adanena m'macheza chabe kuti ana otere zipatala zimangowawotcha pamodzi ndi nsanza. Helen adakhulupirira. Kuyambira pamenepo akamadutsa pafupi ndi chipatala chija ankatsinzina kuti asaone chumuni chake. Adawafunsapo amuna ake kamodzi, iwo n'kuyankha ali kuseri kwa nyuzipepala: "Madzi akatayika saoleka. Musafukule zakale."

Zaka ziwiri zidadutsa Helen osatenganso pakati. Kenaka kudabadwa mtsikana, a Levison n'kumutcha Mwayiwathu, ndipo aliyense adayamba kuitana Helen kuti amake Mwayi, ngati kuti ameneyo ndiye wachisamba. Mwanayo adamukonda ndi mtima wonse. Komabe dzinalo likamveka, kenakake kankamulasa ngati munga wothyokera m'phazi. Mumtima mwake mwana woyamba uja adali atamutcha Saulos, dzina la malemu bambo ake, koma milomo yake idali isadalitchulepo.

Ulendo umene udasintha dzina lake udachitika m'mwezi wa Julaye, 1994. Kumudzi kudali kutangochitika chisankho, ndipo Amalawi a kuno, amene kwa zaka zambiri ankapatsana moni akucheukacheuka, adayamba kudyera mbale imodzi. Ackson, mnyamata wa ku yunivesite wokonda kutsogolera zinthu, ndiye adati Loweruka lina anthu akaone nyumba yakale ya mabwana achingerezi kumidzi ya ku Warwickshire.

"Takhala kuno tikungodziwa mabasi ndi mashifiti," adatero. "Tiyeni tikaone kumene ankagona anthu amene ankatilamula."

Magalimoto adandondozana ngati a ukwati. M'galimoto ya a Mangulenje mudali Helen, Mwayi amene adali ndi zaka khumi, ndi Zainab, bwenzi la Helen la ponda apa m'pondepo, Myao wa ku Mangochi amene ankasoka zovala ku Foleshill, mumzinda wa Coventry.

Nyumbayo idayamba kuoneka akadali kutali, kumapeto kwa msewu wa mitengo yofola ngati asilikali. Idali ya miyala yofiirira, mazenera osawerengeka, machumuni ngati mudzi wathunthu waunjikana pa denga limodzi. Kapinga adali wometedwa bwino kuposa mutu wa mwana wasukulu, nkhosa zikudya chapatali, mapikoko akuyenda mwamatama pabwalo ngati ndiwo adamanga.

"Banja limodzi?" adafunsa Zainab akutsika. "Iii, mayi anga ine! Nanga ankakolopa ndani?"

"Anzathu," adayankha Helen.

Pakhomo Helen adaodira mwachizolowezi, Mwayi n'kumukoka chovala ndi manyazi. Adawalandira ndi gogo wina wachizungu wolondolera alendo, wa tsitsi loyera mbee ndi kabaji pachifuwa. Zipinda zonse zidali zotchingidwa ndi zingwe zofiira, ndipo pa mpando uliwonse adaikapo kanthambi ka minga kuti munthu asakhalepo.

"Kulandira alendo ndakuona kwamitundumitundu," adanong'ona Zainab, "koma kwa minga ndikuyamba lero."

M'makoma mudali zithunzi za eni nyumba akalekale, amuna ovala tsitsi lopotana ngati ubweya wa nkhosa, akazi a m'chiuno ngati mavu, ndipo pafupifupi aliyense adali ndi galu kumapazi. Helen adawaona agaluwo koma sadawaike kumtima. Kunsi, kochapira zovala, adapeza simbi zamakala zonga za kumudzi zitandandalikidwa ngati chuma, ndipo atati anyamule imodzi adauzidwa kuti zoonera sakhudza. Koma chimene chidamuimitsa chidali chipinda cha ana, pamwamba penipeni. Mudali kavalo wamatabwa, tinsapato tofola pansi pa zenera, ndi kabedi kogwedezera khanda kokutidwa ndi nsalu yoluka. Gogo uja adafotokoza kuti mayi wina wa m'nyumbamo adabereka ana khumi. Gulu lidapitirira, Helen adatsala akuyang'ana kabediko mpaka a Levison adabwerera kudzamutenga.

"Amake Mwayi, tiyeni, mukuchedwetsa anthu."

Masana adayala zitenje pa kapinga, nadya mpunga wa nkhuku ndi mandasi, amuna akukangana za nduna zatsopano. Helen, Zainab ndi amayi ena awiri a mvano adanyamuka kukawongola miyendo. Adazungulira dziwe, nalowa kanjira kopita kuseri, kumene kudali kamsitu ka mitengo yakuda bii, yosayoyola masamba. Mphepo ya kumeneko idali yozizira, mbalame zili zii. Munthu wobadwira kwathu safunsa kuti msitu wotere, wopatuka pawokha kuseri kwa nyumba, ndi wachiyani. Mawu awo adatsika okha.

Adapeza kampanda kazitsulo kolekeza m'mawondo. M'kati mwake mudali tiziliza tating'onoting'ono tofola mizere iwiri, ndipo kanjira ka pakati kadali kokongoletsedwa ndi miyala yoyera yobulungira. Padalibe chiliza chofika m'chiuno mwa munthu. Helen adawerama, nawerenga mayina amene ndere zidali zisadakwirire, akuwerengera zaka zobadwa ndi zomwalira. Henry adakhala zaka zisanu ndi zinayi. Kate zitatu zokha. Rex, wokondedwa, wokhulupirika mpaka imfa, adali msinkhu wa Mwayi.

"Ana okhaokha," adatero chapansipansi. "Ndi mayi uja wa kabedi. Taonani mmene adaikira ana mayi ameneyu."

Adatulutsa mpango m'chikwama nafunda kumutu, navula nsapato, nagwada kunja kwa mpandawo, pakuti kumanda a eni salowa osauzidwa. Adaomba m'manja pang'onopang'ono, kupepesa kuti afika mosadziwitsa. Anzake nawo adagwada. Mmodzi wa amayi a mvano adayamba nyimbo ya maliro chamumtima, winayo n'kuilandira. Pamenepo misozi imene Helen adameza pa bedi la kuchipatala idapeza njira. Sadamuchitire nsanje mzungu womwalira kalekaleyo. Adamukonda ngati mkulu wake wa bere limodzi. Ankaganiza kuti uyu ndi mayi amene adalira zambiri, komabe ankadziwa pamene wagona mwana aliyense, ankatha kubwera dzuwa likapendeka n'kuwaitana mayina mmodzimmodzi.

Azungu ena oyenda adaima. Wina adakweza kamera. Kenaka kudamveka mapazi othamanga, Mwayi balamanthu, nkhope itagwa ndi manyazi.

"Mum! Mum, get up! They're dogs!"

Nyimbo idaduka pakati.

"Wati chiyani, mwana iwe?"

"Agalu, amayi," adatero Mwayi m'Chichewa chake chopunduka, akufuna kulira. "Ndi manda ya agalu."

Gogo wolondolera alendo uja adafika akumwetulira, wokondwa kuti anthu apeza malo amene iye amawakonda. Adavomereza kuti ndi agalu ndithu. Rex, adatero, adali galu wa bwana wamkulu wosakira nyama. Atafa adamukhomera bokosi la matabwa olimba, mmisiri wa chiliza adachokera kumzinda, ndipo bwanayo adaleka kulandira alendo kwa nthawi chifukwa cha chisoni.

Amuna aja adali atatsatira kuti aone chimene chikuchitika. Ackson adaseka mpaka kugwirira mtengo.

"Amayi a mvano aimbira galu! Abale, Rex walowa kumwamba lero!"

Phwete lidabuka. Amayi a mvanowo adadzuka akusasa mawondo, akuseka mwamanyazi. Zainab adalavula malovu pambali. Helen yekha adatsala chogwada. Ndipo pakati pa kuseka konseko adamva kuseka kumene ankakudziwa, kotulukira m'mphuno, kwa amuna ake.

"Dzukani, amake Mwayi, mwatichititsa manyazi mokwanira. Kodi kuwerenga mudaiwala?"

Helen adadzuka pang'onopang'ono. Nsapato sadavale. Kwathu galu akafa amamumanga luzi kumwendo n'kumukokera kuthengo, ndipo palibe amene amaona cholakwa. Iye adayang'ana ziliza zija, maluwa obzalidwa m'mbali mwake, udzu wozulidwa bwino, ndipo m'chifuwa mwake mudayamba kuwira ngati mowa wa masese pa tsiku lachiwiri.

"Ndawerenga," adatero. "Ndawerenga bwinobwino. Galu ali ndi dzina. Galu ali ndi bokosi. Galu ali ndi chiliza, ndi mpanda, ndi munthu womulambulira. Iwe Levison, mwana wanga ali kuti?"

Kuseka kudazima ngati moto wothiridwa madzi. Padalibe amene adamumvapo Helen akutchula amuna ake dzina, kapena kuwanena kuti iwe.

"Mwana wanu si uyu waima apayu?"

"Usandipusitse! Ndikunena wachisamba wanga. Wamwamuna. Amene adamukulunga ngati nyama ya pabutchala n'kutuluka naye, ine n'kundipatsa tiyi. Udandigwira pakamwa. Udati nthayo salira. Iwe amene umaseka mphini, umaseka mchere, umati zonse udasiya pa Chileka, mwambo umodzi wokhawu ndiwo udaulongedza m'sutikesi, chifukwa udali wokupeputsira iwe! Mwambowo ndi wa ntchembere, si wako. Ntchembere zikadamuika ndi manja awo, zikadandiuza mtengo wake. Iwe udalola kuti amuwotche ndi nsanza za m'chipatala, lero ukuseka pa manda a galu!"

"Tikakambirana kunyumba."

"Kunyumba takhalako zaka khumi ndi zitatu. Tikambirana pompano, pamaso pa Rex."

Mwayi ankayang'ana uku ndi uku, akufunsa m'Chingerezi kuti akunena mwana uti. Zainab adamukokera pachifuwa pake. Ackson adayandikira akusisita manja.

"Mayi, pepani, tiyeni tiziziritse mtima. Azungu akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Adula matiketi. Iwe khala chete, sudabereke."

A Levison adali atavula chipewa, akuchipotokola monga adachitira m'mphepete mwa bedi lija. Adayankhula akuyang'ana nsapato zawo.

"Sadamuwotche."

"Wati?"

"Ndati sadamuwotche. Adamuika, m'kabokosi koyera. Ku manda a khonsolo aja a pamtunda, kumunsi kwenikweni pafupi ndi mpanda, pamene amaika makanda ambiri m'dzenje limodzi."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndidalipo. Achipatala adandiuza tsiku lake. Ndidaima patali, kuseri kwa mtengo. Mwamuna saona nthayo, Helen. Ine ndidaona. Chaka chidatha, china n'kutha, inu osaima. Ndinkati ndine ndatseka njira. Ndikadakuuzani bwanji? Mwayi atabadwa ndidati basi, Mulungu wakhululuka, zigone momwemo."

Mwina adaganiza kuti mawu amenewa aziziritsa mtima wa mkazi wawo. Adali akuthira palafini. Manda adawatchulawo Helen ankawadziwa bwino, chifukwa basi yopita kuntchito kwake inkadutsa m'mbali mwa mpanda wake m'mawa ndi madzulo.

"Manda a pamtunda aja? Amene basi yanga imadutsa?" Mawu ake adakwera mpaka mapikoko adayankha kubwalo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pa mwana wanga ndikuyasamula, ndikudya masikono, ndikuganiza kuti adasanduka utsi, iwe ukudziwa? Unkandiona ndikutsinzina pa chumuni cha chipatala, iwe uli pa chiwongolero duu? Ndipo m'mawa uno womwe wachita kudutsa msewu umenewo ukuimba mluzu!"

"Ndinkaopa."

"Unkaopa! Pagulu ndiwe injiniya woseka miyambo, m'mimba ndiwe nkhuku yonyowa. Mantha adali ako, koma wowabereka kumsana ndidali ine."

Adatembenuka, nalumpha kampanda kaja ali wopanda nsapato. Adagwada pakanjira ka pakati, nayamba kufukula ndi zala umodzi wa miyala yoyera ija, waukulu ngati papaya.

"Mayi!" adafuula mmodzi wa amayi a mvano. "Kumanda satengako kanthu!"

"Awa si manda. Ndi dzala lovala suti."

Gogo wachizungu uja kumwetulira kudamuthera. Adayandikira nanena kuti zimenezo n'zoletsedwa, kuti chilichonse cha pamalopo n'chotetezedwa, ngakhale mwala. Helen adaimirira mwalawo uli m'manja, dothi lili m'zikhadabo, namuyankha m'Chingerezi chake cha kochapira, chopanda zokometsera. Adati mwana wake wamwamuna wagona popanda ngakhale kamwala, ndipo agalu awa ali nayo yotsala. Gogoyo adatembenuka, nayang'ana nkhosa za kutsidya kwa dziwe nthawi yaitali, ngati adali asadaonepo nkhosa chibadwire.

Helen adaukulunga mwalawo m'chitenje, naufukata.

"Makiyi muli nawo," adauza amuna ake. "Tiyeni."

M'galimoto, atayandikira mzinda, Mwayi adafunsa chapansipansi ngati ndi zoona kuti adali ndi mchimwene.

"Udali naye mlongo wako," adayankha Helen osacheuka. "Ndiye adayamba kugona m'mimba mudagona iwemo."

Adafika kumanda a pamtunda aja dzuwa likadali m'mwamba, monga limachitira kuno m'chilimwe. Pachipata Zainab adaima.

"Kwathu akazi sitilowa kumanda. Ndikhala pompano. Koma ukalira ndikumva, ndipo ndikuyankha."

A Levison adatsogola. Sadakayike pa mphambano ngakhale imodzi, ndipo chimenechi chidamuwawa Helen koposa zonse zimene adamva tsikulo. Adadutsa mizere ya ziliza zonyezimira, ya angelo amiyala ndi maluwa a pulasitiki, mpaka kumunsi kumene kudalibe kanthu koma kapinga yekha ndi timapepala touluzika ndi mphepo. Kuseri kwa mpanda kudali msewu, ndipo padali pokwerera basi pamene Helen ankapadziwa ngati chikhatho chake. A Levison adaima pamene nthaka idalowa pang'ono, naloza ndi mlomo.

Helen adagwada, nazula kapinga ndi manja, nakhazika mwala uja, naukanikiza ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Saulos," adatero, ndipo dzinalo lidatuluka lokhakhala, ngati chitseko chimene sichidatsegulidwepo. "Saulos mwana wanga, ndine mayi ako. Ndachedwa, koma si kufuna kwanga."

Kenaka adaika manja kunkhongo nayamba kubuma. Sikudali kulira kwa m'kampango kumene amalira eni dziko lino. Adali maliro enieni a ku Dedza, otchula dzina, ofunsa mafunso, odzudzula amoyo. Adatchula namwino, adatchula tiyi, adatchula galu wa bokosi, adatchula mwamuna wobisala kuseri kwa mtengo. Anthu odikira basi adatembenuka. Kuchokera kuchipata kudamveka mawu a Zainab akulandira. A Levison adatambasula dzanja kuti amugwire paphewa.

"Chotsa dzanjalo. Udandigwira pakamwa kamodzi, kwakwana."

Atatopa adapukuta nkhope ndi mpango, naimirira.

"Kuyambira lero ndine amake Saulos. Mukauze aliyense."

Mwayi, amene adali ataima pambali, adafunsa m'Chichewa, mwina kuti amveke bwino: "Nanga ine?"

Helen adamuyang'ana, nkhope n'kufewa kwa nthawi yoyamba tsikulo. Adamukonza kolala ya diresi.

"Iwe uli ndi nkhope, uli ndi mawu, uli ndi nsapato pakhomo. Ukandiitana ndimayankha. Mlongo wako ali ndi dzina lokhali basi. Mugawireko amako."

Nkhani ya mwalayo sidathere pamenepo. Malamulo a mandawo sankalola chizindikiro pa dzenje la anthu ambiri, choncho anyamata otchetcha kapinga ankauchotsa n'kuuponya kumpanda. Helen adayamba kutsika basi asadafike kuntchito, n'kukaubwezera pamalo pake. Iwo akachotsa, iye n'kubwezera. Tsiku lina adawapeza ali m'kati mouchotsa, ndipo zimene adawauza palibe akudziwa, koma kuyambira pamenepo makina awo adaphunzira kuzungulira.

Amayi a kutchalitchi adalizolowera msanga dzina latsopanolo, ndipo ena a iwo, pokhala awiriwiri kukhitchini, adayamba kumuuza za ana awo amene sadawatchulepo. Ackson adabwera kudzapepesa atanyamula nkhuku yozizira ya m'sitolo, Helen n'kumuuza kuti aike m'firiji ndipo aphunzire kuseka mochedwa. Ku nyumba ya mabwana ija sadapitenso, ndipo munthu akaitchula ankangoti, "Kwa agalu kuja?"

Otsala adali a Levison. Miyezi idapita akuzemba kumuitana, akungoti "inu" kapena "kodi mwaona." Helen ankawaphikira, ankawasitira malaya, koma lilime lawo likaterereka n'kunena kuti amake Mwayi, iye sankacheuka, ngati akuitana khoma. Kukhululuka kwenikweni sitinganene kuti kudabwera. Ngakhale tsitsi litachita imvi, akamakamba za tsiku limenelo mawu ake ankakwerabe.

Loweruka lina m'mawa, chisanu chitalowa, Helen adali kusita pabalaza. A Levison adaima pakhomo atavala jasi, m'manja muli kachitini ka penti yoyera ndi bulashi. Adatsokomola kawiri.

"Amake Saulos, mwala uja wada ndi mvula. Ndimati tikaupake."

Helen adapitiriza kusita kolala mpaka kumapeto kwake. Adapachika malayawo, naimika simbi, nazula chingwe kukhoma.

"Ndamva," adatero. "Mwachedwa."

Adavala jasi ndi mpango, natuluka patsogolo. Chitini adawalola kunyamula. Bulashi adalanda, nagwira yekha.